Galimoto ya Banja: Mipando Ingati?

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane nkhani imene ambiri amaiyesa ya abambo okha, nkhani yogula galimoto. Kale kuno kwa Nthache galimoto inali ya boma, ya amishoni kapena ya mwini sitolo, ndipo ikadutsa ana ankaithamangira mpaka fumbi litatha. Lero zinthu zinasintha. Mwana amene anapita ku Joni amalowa nayo pachipata cha Mwanza. Aphunzitsi ndi anamwino amaitanitsa yawo kuchokera ku Japan. Amalonda a manachesi ndi nandolo, akasunga ndalama zaka zingapo, nawonso amayamba kufunsa mitengo. Tsono tsiku lokambirana likafika, abambo amafunsa za mphamvu ya injini, anyamata amafunsa za mtundu ndi wailesi, ndipo amayi amangoitanidwa kuti adzaone galimoto itaima kale pabwalo.

Komatu pali funso limodzi limene wodziwa yankho lake ndinu: kodi m'galimotomo muzidzakwera ndani? Ndinu amene mumadziwa kuti pakhomo pamagona anthu angati, kuti ndi mwana uti amene amasanza paulendo, kuti mawondo a apongozi sapindika msanga, ndiponso kuti kumudzi sitipita kapena kuchokako chimanjamanja. Choncho nkhani ya mipando ndi yanu, ndipo muyenera kuilankhula ndalama zisanatuluke m'nyumba, pakuti galimoto si chitenje choti mukachiona kufupika mukachisinthe m'mawa mwake.

Werengani katatu

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pakhomo limodzi m'Malawi muno pamakhala anthu apakati pa anayi ndi asanu. Wongomva chiwerengero chimenechi akhoza kuganiza kuti mipando isanu ndi yokwanira banja lililonse. Koma ife tikudziwa kuti banja lathu silithera pa bambo, mayi ndi ana obereka okha. Pali mwana wa malemu achemwali amene tikumulera, pali mdzukulu amene amake ali kuntchito ku Lilongwe, pali agogo amene mwezi ndi mwezi amakalandira mankhwala kuchipatala cha boma ku Mwanza. Onsewa ndi a m'nyumba, ndipo pa tsiku la ulendo palibe amene mungamuuze kuti iye sali m'chiwerengero.

Motero khalani pansi ndi pensulo, muwerenge katatu. Poyamba lembani anthu amene azidzakwera pafupifupi tsiku lililonse: opita kuntchito, kusukulu ndi kumsika. Kachiwiri lembani amene azidzakwera kamodzi pa sabata kapena pa mwezi: a kutchalitchi, a kusikelo ndi a kuchipatala. Kachitatu lembani a pa masiku aakulu: chinkhoswe, ukwati, maliro, chiliza ndi Khirisimasi. Pa ziwerengero zitatuzi, chogulira galimoto ndi chachiwiricho. Mukagulira choyamba, Lamulungu lililonse muzidzasiya ena pakhonde akudandaula. Mukagulira chachitatu, chaka chonse muzidzathira mafuta oyendetsera mipando yopanda anthu, ndipo ngakhale mutatero, pa tsiku la maliro galimotoyo sidzakwanabe, pakuti yokwana mbumba yonse ndi basi yokha. Pa masiku otere chanzeru ndi kusonkherana pachibale ndi kubwereka minibasi.

Musaiwalenso zinthu ziwiri. Choyamba, woyendetsa nayenso ali m'chiwerengero. Akanena kuti galimoto ndi ya mipando 7, ndiye kuti imanyamula woyendetsa ndi anthu ena 6. Chachiwiri, ana amakula. Galimoto yogula lero mudzakhala nayo zaka zambiri, ndipo mwana wa sitandade 3 amene akukwana bwino pa kampando kakumbuyo adzakhala mnyamata wa miyendo yaitali ngati nsungwi pofika fomu 2.

Mitundu imene ilipo

Mtundu woyamba ndi wa mipando isanu: awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, ndipo kuseri kwa onsewo kuli buti wa katundu. M'gulu limeneli muli magalimoto okwera m'mwamba amene amalonda amawatcha SUV, monga Toyota RAV4, ndiponso mapikapu a zitseko zinayi monga Toyota Hilux. Ubwino wake ndi wakuti katundu ali ndi malo akeake. Koma dziwani kuti kumbuyo kwa pikapu anakupangira matumba, osati anthu. Kulibe mpando, kulibe lamba, kulibe denga, ndipo galimoto ikagudubuzika okhala kumeneko ndiwo amayamba kuponyedwa kunja.

Mtundu wachiwiri ndi wa timagalimoto tating'ono ta mizere itatu, monga Toyota Sienta imene inayamba kupangidwa mu 2003, Toyota Wish imene analeka kuipanga mu 2017, ndi Honda Freed. Sienta imene tinaizolowera imakhazika awiri kutsogolo, atatu pakati ndi awiri kumbuyo. Injini yake ndi yaing'ono, ya malita 1.5, kotero kuti simwa mafuta ambiri, ndipo zipangizo zake sizisowa chifukwa yachuluka m'dziko muno. Chovuta chake ndi chakuti njopapatiza ndiponso njofupikira pansi.

Mtundu wachitatu ndi wa magalimoto ooneka ngati bokosi, a zitseko zotsetsereka m'mbali, monga Toyota Noah ndi Voxy amene anatuluka mu 2001, ndi Nissan Serena. Noah ndi Voxy amapezeka a mipando 7 ndi a mipando 8, ndipo kusiyana kwake kuli pa mzere wapakati. Ya mipando 8 ili ndi mpando wautali wa anthu atatu pakati. Ya mipando 7 ili ndi mipando iwiri yoima payokha, ndipo pakati pake pali kanjira kopitira kumbuyo. Musafulumire kunena kuti 8 iposa 7. Kanjira kaja kamathandiza mayi kufikira ana akumbuyo popanda kutsitsa wina aliyense, ndipo nkhalamba imakhala motakasuka pampando wayokha. Koma mpando wautaliwo uli ndi ubwino wakenso: wodwala akhoza kutsamira pa womudwazika, ndipo mumapindula malo a munthu mmodzi.

Mtundu wachinayi ndi umene abambo ambiri amaulakalaka: magalimoto aakulu okwera m'mwamba, monga Toyota Fortuner imene ya m'chigawo chino imapangidwa ku Durban, Land Cruiser Prado, Ford Everest, ndi Mitsubishi Pajero imene analeka kuipanga mu 2021. Ambiri mwa amenewa ndi a mipando 7. Koma dzina lokha lisakunamizeni. Prado zina zopangidwa pakati pa 2002 ndi 2009 zinali za mipando 8, pamene zotuluka kuyambira mu 2009 zilipo za mipando 5 ndi za mipando 7. Nissan X-Trail zambiri ndi za mipando isanu, koma kuyambira mu 2013 zinayamba kupezeka zina za mizere itatu. Galimoto ziwiri za dzina limodzi, zoima pamodzi pamalo ogulitsira, zikhoza kusiyana ndi mipando iwiri. Tsegulani zitseko, muwerenge nokha.

Zoona zake za mzere wachitatu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yaikulu ikaima pabwalo imaoneka ngati ingameze banja lonse, koma lowani mukakhale pa mzere wachitatu. Fortuner ndi anzake anamangidwa pa chimango chachitsulo ngati cha pikapu, ndipo kunsi kwa mipando yakumbuyo kuli chitsulo cholumikiza matayala pamodzi ndi tayala lapadera. Chifukwa cha ichi pansi pake ndi pokwera, ndipo munthu wamkulu akakhalapo mawondo amafika pachifuwa. Kuchokera kuno kukafika ku boma akhoza kupirira, koma ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Blantyre amakatsika miyendo itachita dzanzi. Chodabwitsa ndi chakuti Noah, imene njotsika mtengo kuposa Fortuner, imakhazika akuluakulu bwino kumbuyo, chifukwa pansi pake ndi potsika ndipo denga lake ndi lalitali.

Ganizirani za kaloweredwe. Kuti munthu afike kumbuyo, mpando wapakati uyenera kupindidwa, iye n'kuwerama, n'kulowa chokwawa. Simungawauze apongozi aamuna kuti akwawe pamaso panu, ndipo mayi wovala chitenje kapena woyembekezera sangalowe m'menemo mwaulemu. Mapeto ake akuluakulu amatenga mipando yakutsogolo ndi yapakati, ndipo kumbuyo kumapita ana. Ngati zili choncho, onetsetsani kuti kumbuyoko kuli malamba amphumphu odutsa paphewa ndi m'chiuno, kuli zotsamira mutu, ndiponso kuti mphepo imafikako. Mazenera akumbuyo a magalimoto ambiri satseguka, ndipo amene anadutsapo pa Zalewa masana mu Okutobala akudziwa mmene kumatenthera. Kumbukiraninso kuti mzere umenewu uli pafupi ndi chitseko chakumbuyo. Galimoto ina ikakugundani kumbuyo, okhala pamenepo ndiwo ali pafupi ndi ngoziyo.

Tsono katundu apita kuti? Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Mzere wachitatu umadya malo a buti. Mipando yonse ikatambasulidwa, kumbuyo kumatsala mpata wa tizikwama tiwiri basi. Motero galimoto ya mipando 7 imanyamula anthu 7 opanda katundu, kapena anthu 5 ndi katundu wawo. Zonse ziwiri pamodzi sizitheka. Funsani mmene mipandoyo imapindikira. Ya Fortuner ndi ya Noah imakwezedwa n'kupachikidwa m'mbali, ndipo imatchinga mazenera. Ya Everest ndi ya Prado za kuyambira mu 2009 imagona pansi n'kusiya malo osalala. Ya Sienta imalowa kunsi kwa mzere wapakati. Yabwino ndi imene imapindika mbali imodzi payokha, pakuti pamenepo mukhoza kunyamula anthu 6 ndi katundu pang'ono. Ndipo katundu wolimba, monga miphika, makasu ndi mabatire, asayende pamodzi ndi ana ali wosamanga, chifukwa galimoto ikaima mwadzidzidzi katunduyo saima nayo.

Thumba la chimanga ndi munthu

Pali chinsinsi china chimene ogulitsa sanena. Ku Japan, kumene kumachokera magalimoto athu ambiri, powerengera kulemera konse kwa galimoto yonyamula anthu amamuyesa munthu mmodzi makilogalamu 55. Ndiye kuti Sienta ya mipando 7 anailembera makilogalamu 385. Tiyeni tiwerenge mwa kwathu. Akuluakulu asanu, aliyense wolemera makilogalamu 65, apanga 325. Onjezanipo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo mwafika pa 425. Mwapyola kale muyeso, chonsecho mipando iwiri ilibe anthu. Choncho thumba lililonse la chimanga, la nandolo kapena la feteleza liwerengeni ngati munthu wokhala pampando. Magalimoto aakulu monga Fortuner amaloledwa kusenza zochulukirapo, pafupifupi makilogalamu 600, koma nawonso ali ndi malire.

Kupyola muyeso si nkhani ya apolisi yokha. Galimoto yolemedwa imatenga mtunda wautali kuti iime, ndipo pa zitsetso za msewu wa M6, umene umadzazanso ndi malole a ku Tete ndi ku Beira, mabuleki amatentha n'kuyamba kufooka. Matayala nawo amatentha, ndipo lakale limaphulika. Masipuling'i amafwamphuka, mimba ya galimoto n'kuyamba kukhula miyala. Katundu wolemera womangidwa padenga amachititsa galimoto kupendekeka pokhota, makamaka yokwera m'mwamba imene njosavuta kale kugudubuzika.

Msewu wa kwanu ndi wotani?

Mipando ilibe phindu ngati galimoto singafike pakhomo. Kuno kwathu, mukangochoka pa tala, misewu yambiri ndi yafumbi, yokwera ndi kutsika, ndipo dzinja likafika madzi amaikumba migula. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anaonongera misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Mimba ya Sienta ndi ya Noah imatalikira pansi masentimita pafupifupi 15, pamene ya Fortuner ndi ya Prado imapitirira 20. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumasiyanitsa wodutsa ndi wotsakamira pa mwala. Zilipo Noah ndi Sienta zokoka matayala onse anayi. Zimenezi zimathandiza poterera, koma sizikweza mimba.

Motero ngati nyumba yanu ili pafupi ndi tala ndipo maulendo anu ndi a ku boma ndi ku Blantyre, Noah kapena Serena idzakupatsani mipando yeniyeni pa mtengo wochepa. Ngati kwanu ndi kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa phiri, sankhani yokwera m'mwamba, ngakhale ikhale ya mipando isanu. Galimoto ya pamudzi ndiyo imadzutsidwa usiku mayi akayamba kumva kupweteka kapena mwana akakomoka ndi malungo. Usiku wotere mipando 8 yotitimira m'matope ilibe ntchito. Mipando 5 yokafika kuchipatala ndiyo ipulumutsa moyo.

Mpando ndi lamba

Tafika pa mtima wa nkhani yathu. Ife tinazolowera kuyesa galimoto ndi malo: pamene pali mpata, pakhale munthu. Timaona Sienta za matola zitanyamula anthu anayi kutsogolo, ena m'buti miyendo ili lende, ndipo timati bola tafika. Koma opanga galimoto sayesa ndi malo, amayesa ndi malamba. Pamene palibe lamba palibe mpando. Galimoto ya malamba 7 ndi ya anthu 7, ndipo khanda nalonso ndi munthu.

Mwina mudzati, "Mwana ndimamufukata bwino, sangandipulumuke." Amayi, mverani. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola, liwiro limene timaliyesa lochepa, ikagunda chinthu cholimba, mphamvu yake ikufanana ndi kugwa kuchokera pamtengo wotalika mamita 10. Palibe manja a mayi, ngakhale ozolowera kusinja ndi kusenza ndowa, amene angagwire mwana pa kugunda kotero. Mwanayo amachoka m'manja n'kukamenya galasi. Ngati mayi sanamange lamba, thupi lake limam'panikiza mwanayo ku mpando wakutsogolo. Ngati amanga lamba mmodzi onse awiri, kulemera konse kwa mayi kumathera pa mimba ya mwana. Wobereka kumsana nayenso sali pabwino, pakuti amakhala pakati pa msana wa amake ndi mpando.

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamupanga Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden mu 1959, ndipo kampaniyo inalola opanga magalimoto ena onse kumugwiritsa ntchito mwaulere poona kuti ndi nkhani ya moyo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti lamba akhoza kuchepetsa ndi theka imfa za okwera galimoto, ndiponso kuti mipando yapadera ya ana imachepetsa imfa za makanda ndi 71 pa 100 alionse. Mipando imeneyi imamangiriridwa pa mpando wa galimoto, choncho khanda limatenga malo athunthu ngati munthu wamkulu. Liwerengeni pa mndandanda wanu uja.

Mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, ndipo usaikidwe kutsogolo pamene pali thumba la mpweya lotchedwa airbag, chifukwa thumbalo limafufuma ndi mphamvu yoti ikhoza kupha mwana. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi tingowe tachitsulo totchedwa ISOFIX tokolekapo mpando wa mwana, ndipo kawirikawiri timapezeka pa mipando iwiri yam'mbali ya mzere wapakati. Ngati muli ndi ana aang'ono atatu, yesani musanagule ngati mipando yawo ingakwane. Onaninso mpando wapakati. M'magalimoto akale umakhala ndi lamba wa m'chiuno yekha, amene sateteza mokwanira. Mwana wokulirapo akhale pa chokwezera mpaka lamba azidutsa paphewa osati pakhosi; ku Britain lamulo limafuna zimenezi mpaka mwana atafika masentimita 135 kapena zaka 12. Inu oyembekezera, musaope lamba: wam'munsi adutse kunsi kwa mimba, pa mafupa a m'chiuno, ndipo wam'mwamba adutse pakati pa mabere.

Mapepala ndi ndalama

Chiwerengero cha anthu chimene boma limachidziwa ndi chimene chinalembedwa m'buku la galimoto, lija timati bulu buku, lochokera ku ofesi ya Road Traffic. Liwerengeni musanalipire, ndipo muone ngati likugwirizana ndi malamba amene mwawapeza. Chenjerani ndi mipando yoonjezera yochita kuwotcherera kwa amisiri. Mpando wa kufakitale umamangidwa pa malo olimbitsidwa, pamene woonjezerawo umangogwira chitsulo chopyapyala, ndipo pa ngozi umazuka pamodzi ndi wokhalapo. Apolisi a pamsewu amalipiritsa wonyamula anthu opyola muyeso, ndipo a inshuwalansi nawonso amayang'ana chiwerengero cholembedwacho ngozi ikachitika.

Abambo ena amati, "Tigule ya mipando yambiri, masiku ena izichita matola." Dziwani kuti kunyamula anthu olipira kumafuna nambala yofiira, ziphaso zake ndi inshuwalansi yake. Dziwaninso kuti galimoto ya matola imakalamba msanga, ndipo tsiku limene banja likuifuna imakhala ili pamsewu kapena kwa makaniko.

Mtengo wogulira si mapeto a ndalama. Msonkho wa MRA umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Sienta ndi ya malita 1.5, Noah zambiri ndi za malita 2, pamene Fortuner ndi Prado zimayambira pa 2.4 mpaka 4. Injini yaikulu imamwa mafuta ambiri, tayala lake limodzi ndi lokwera mtengo kuposa la galimoto yaing'ono, ndipo zipangizo zonse ndi zoitanitsa kunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inakwera nthawi yomweyo. Inu amene mumasunga ndalama za ufa, za sopo ndi za fizi, funsani kuti mwezi uliwonse galimotoyo izidya zingati. Walira mvula walira matope.

Kaioneni nokha

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati galimoto ili m'dziko muno, pitani nokha, ndipo mutenge mwana wamtali koposa onse pamodzi ndi chikwama chachikulu chimene mumayenda nacho. Khalani pa mzere wachitatu mphindi khumi chitseko chili chotseka. Pindani mipando ndi manja anu, muone ngati mungathe popanda mwamuna. Kokani lamba aliyense mwamphamvu. Wabwino amagwira nthawi yomweyo, ndipo chomangira chake chimalira chikalowa. Yesani kukwera ndi kutsika mutavala monga mumavalira popita kutchalitchi, ndipo muganizire ngati agogo angakwanitse kukwera pamenepo. Funsani kumene kuli tayala lapadera, chifukwa magalimoto ena a ku Japan amabwera opanda tayalalo, ndipo kuno simungayende popanda ilo.

Ngati mukuitanitsa pa intaneti, kapena mwana wanu akugula ku Johannesburg, pemphani zithunzi za m'kati, mzere uliwonse pawokha, ndi chithunzi cha buti mipando yonse itatambasulidwa. Muuzeni mwanayo momveka kuti, "Mwanawe, usandibweretsere yokongola, undibweretsere yoti agogo ako akwere ndiponso yoti ifike pakhomo mu Febuluwale."

Kukana mwaulemu

Chotsiriza ndi chovuta koposa zonse. Galimoto ikafika pamudzi, opempha sapita kwa abambo, amabwera kukhitchini kwa inu. "Alamu, ndapota nanu, ndingopanikizika pakona." "Achemwali, mwanayu ndimuika pamiyendo." Kukana mbale ndi kowawa, ndipo palibe mayi amene afuna kutchedwa wouma mtima kapena wonyada chifukwa cha galimoto. Koma taganizirani tsiku limene mudzaime pamaso pa mbale yemweyo mwana wake atavulala m'galimoto yanu. Pamenepo palibe amene adzakumbukira kuti munamukweza chifukwa cha chifundo.

Choncho gwirizanani ndi abambo a kunyumba galimoto isanafike, kuti lamulo likhale limodzi ndipo lichokere pakamwa pa nonse awiri: malamba akatha, malo atha. Lamulo likadziwika kuyambira tsiku loyamba, ndipo likagwira ntchito pa abale a mbali zonse ziwiri mofanana, anthu amalizolowera, ndipo salitenganso ngati chipongwe. Mawu aulemu alipo: "Pepani atsibweni, malamba akwanira, akatitula abwerera adzakutengeni." Maulendo awiri amadya mafuta, koma mafuta amagulidwanso. Ngati pali wodwala, iye ndi womudwazika ndiwo ayambe kupatsidwa malo, ndipo operekeza atsatire pambuyo.

Inu amene mulibe galimoto, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Mukaima pa siteji ndi mwana, muli ndi ufulu wokana galimoto yodzaza ndi kudikira ina. Mnzanu wa galimoto akakuuzani kuti malo atha, musamusungire chakukhosi. Wasamala moyo wanu ndi wa mwana wanu.

Tsono madzulo ano, ana akagona, tengani pensulo ija. Lembani maina, muwerenge katatu, muwonjezepo matumba, mukumbukire msewu wa mu Febuluwale, kenaka mukambirane ndi abambo mofatsa. Sabata ya mawa tidzakambirana za kamba woyenera ana paulendo wautali ndi mmene tingathandizire mwana wosanza m'galimoto. Tsalani bwino, amayi, ndipo muyende bwino.